Bwato la Mkamwini Wanga

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga ndi abale nonse, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndaima pano kuti ndichitire umboni, chifukwa mwezi wathawu ine ndikanakhala ndiwo ya nsomba.

Ena mukudziwa kuti mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi msodzi wa kunyanja ya Kabora Basa. Ukwati umenewo sindinaufune, ndisaname m'nyumba ya Mulungu. Mkamwini amabwera kudzalima pakhomo, koma uyu ananditengera mwana kupita naye kuseri kwa madzi. Zaka ziwiri sindinapondeko, ndipo mkamwiniyo akandipatsa moni pa telefoni ndinkayankhira m'mphuno.

Ndiye unabwera uthenga woti mwana wanga wachira, kwabadwa mwana wamwamuna. Ndinamanga thumba la mbatata ya kachewere, n'kukwera shapa, minibasi zathu zija, pa Ulongwe mpaka ku Tete, ina mpaka kunyanja. Koma kuti ufike kumudzi kwawoko, uyenera kuwoloka madzi.

Padoko ndinapeza mkamwini akundidikira ndi bwato lake, chimtengo chogoba, chakuda, chopapatiza, chigamba apa chigamba apo. Pambali pake panali boti la malata lonyamula anthu, lotakata, lopaka utoto, pansi pake pophwatalala ngati lichero, la injini. Mkamwini anagwada patali n'kunena kuti mphepo yayamba, ndipo la malatalo ndi la tsiku la bata, pa mafunde limamwa madzi.

Ine mumtima ndinati, iwe undiphunzitsa chiyani? Ife a kuno timadziwa ngolo, yotakata siigubuduzika. Komanso amayi anzanga, tanenani, mpongozi angakhale m'chimtengo chothina, mawondo kugundana ndi mkamwini? Ndinakwera la malata. Iye sanatsutse, anangoika mbatata yanga m'bwato lake n'kumapalasa pambuyo pathu. Tinamusiya kutali, ine ndikuseka.

Titafika pakati, madzi anasintha nkhope. Boti lathu likakumana ndi funde silinkalidula ayi, linkadzutsa mutu n'kugwa ndi mimba, phwaa. Kugwa kulikonse, madzi kulowa. Kugwa kulikonse, madzi kulowa. Injini inatsokomola n'kuzima, boti linatembenuka chammbali, mafunde n'kumatimenya m'nthiti. Mwini boti akukapa madzi ndi chigubu, ife tikupemphera, wina m'Chinyungwe, wina m'Chipwitikizi, ine m'zonse. Ndinaopa, abale. Ndinati, Ambuye, ndife ndisanamuone mdzukulu, ndili ndi chidani mumtima?

Poponya maso, ndinaona chimtengo chija chikubwera. Chimenecho chimawadziwa madzi. Funde likadzuka, mkamwini ankalozetsa mutu wa bwato pafundepo, nkhafi kamodzi, bwato kukwera, kutsetserekera kuseri. Linkapendama, inde, koma linkabwerera m'malo mwake.

Atafika pafupi, boti lathu linapendekeka kwambiri, ndipo ine ndinachita zakwathu. Ngolo ikamagwa umatani? Umaimirira n'kulumpha. Ndinaimirira, abale, pakati pa nyanja. Ndinkalumphira kuti, mpaka lero sindidziwa.

"Amayi, khalani pansi!"

Anali mkamwini. Munthu amene sanandiyang'anepo m'maso anandikalipira ngati kamwana. Anandigwira mkono, kundikokera m'bwato lake, kundikhazika pansi penipeni pambali pa mbatata yanga, mawondo anga kugunda ake. Mwambo sindinaukumbukenso, ndinangomugwira mwendo zolimba. Asodzi anzake anafika ndi mabwato awo n'kutenga anzanga aja. Palibe anamira, Aleluya.

Titafika kumtunda, ndisanamuone ndi mdzukulu yemwe, mkamwini anapita patali n'kugwada mumchenga. Anapempha kuti ndimukhululukire chifukwa wawagwira apongozi ndiponso wawakwezera mawu. Tamvani, abale. Munthu wanditulutsa m'kamwa mwa imfa, ndiye amene akupepesa. Misozi inandituluka. Ndinayenda ndekha mpaka pomwe anagwadapo, anthu onse akuona, ndinamudzutsa ndi manja anga awiri.

"Dzukani, mwana wanga," ndinatero. "Wolakwa ndine."

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisunga pamadzi, ndikuthokozanso kuti anandithyola khosi louma ndikadali wamoyo. Mdzukulu ndamunyamula, ndi wonenepa bwino, mphuno ngati ya agogo ake aamuna. Kunyanja kuja ndinali ndi mwana mmodzi, lero ndili nawo atatu. Amayi anzanga, ndithandizeni nthungululu, abambo ombani m'manja, tikondwere limodzi. Ameni.