Unyolo pa Chitseko cha Kumbuyo

Olemekezeka a Haji Naushad Saifi, wapampando wa bungwe la opanga maloko muno mu Aligarh. Mayi Kamlesh Rajput, khansala wathu. A Brijmohan Varshney, eni fakitale yatsopanoyi. Amisiri anzanga, ndi inu nonse amene muyambe ntchito muno mawa.

Zikomo pondiveka nkhata ya maluwa ndi nsalu ya paphewayi, ngakhale kuti kunja kukutentha chonchi. Ndatopa, abale anga. Kwa zaka makumi anayi ndakhala ndikusula kachitsulo kamodzi kokha, kaja timakhomera pa felemu kuti lilime la loko lizilowamo. Loko amatamandidwa, kiyi amayenda m'thumba la bwana, koma chitseko chikamenyedwa, komwe kamamva ululu ndi kachitsuloka.

Chaka china bwana wa fakitale yosoka zovala ku Kanpur anandiitana. Anati, "Ustad, mmisiri wamkulu, atelala anga akundibera nsalu. Ndikufuna chitseko choti ngakhale njati ibwerere." Ndinam'khomera chitsulo chochindikala ngati chala changachi, misomali yake yofika mpaka m'simenti. Iye ankakiyira kunja, anthu akusoka mkati, ndipo ine ndinkadziwa zimenezi.

Moto unabuka masana, mwini kiyi atapita kokadya. Anthu khumi ndi mmodzi anamenya chitseko chija ndi mashini osokera, koma chitsulo changa sichinapindike n'komwe. Palibe amene anatuluka. Tsiku lomwe ndinapita kukachichotsa, wamalonda wina anachigwiragwira n'kunena kuti, "Ntchito koma imeneyi, Ustad! Mundipangire ziwiri." Mpaka lero manyazi sanandichoke.

N'chifukwa chake ndinavomera kubwera kudzatsegulira fakitaleyi nditamva kuti muno muzipanga maloko oti wamkati angokankha n'kutuluka. Koma m'mawa uno, ndikufunafuna chimbudzi monga zimachitira nkhalamba, ndapeza chitseko cha kumbuyo chili ndi loko wabwino yemweyo, koma atachikulunga ndi unyolo. Nditafunsa, a Varshney andinong'oneza kuti, "Aa, Ustad, musatiyalutse pamaso pa alendo. Mkuwa wakwera mtengo, ndipo antchito amaubisa m'zitini za chakudya. Tichotsa mawa."

A Varshney, mawu akuti mawa ndatopa nawo. Muziwasecha pachipata ngati mukufuna, koma musawatsekere. Sizasi mwandipatsayi ndayiika pa tebulo, ndipo riboni sindidula unyolo uja usanafike pano. Mundilole ndikhale pansi.

Mwati bwanji? Kiyi wa unyolowo wasowa? M'tauni ya maloko? Musaseke, abale, nkhaniyi si yoseketsa. A Haji, tumani munthu akatenge chodulira zitsulo. Tiyi wanuyo azizire, tidikira.

Eya, unyolo uja ndi umenewo. Uikeni apa kuti aliyense auone. Inu amene muyambe ntchito mawa, tsiku lomwe mudzaupezanso pachitseko, musadzalowe.

Tsopano ndidzutseni, ndipatseni sizasi. Ndikulengeza kuti fakitale iyi yatsegulidwa, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Zikomo kwambiri.