Shadrezi Imene Inatsala Pakati

Inu otiwerengera nkhani pa wailesi, ndine mayi wa ku Degue. Amuna anga atachotsedwa ntchito ku mgodi wa malasha ku Moatize, ndinawagulira shadrezi, masewera aja a mafumu ndi akavalo, kuti asamangokhala duu. Ankasewera pakhonde ndi mnzawo amene anachotsedwa naye limodzi, mpaka ndinawamvanso akuseka.

Tsiku lina masewera ali pakati, mnzawoyo anaimbiridwa telefoni kuti abwerere kuntchito. Anadzuka nati, "Kompadre, tidzamaliza mawa." Amuna anga sanaitanidwe.

Papita miyezi, munthuyo sanapondenso pakhomo pano. Ana akapempha kusewera amakanizidwa. Ine mtima wandithera, poti ndinagula ndekha chimene chawamangirira pakhondepo. Ndikati ndipukute fumbi pathabwalo, amandigwira dzanja.

"Amake ana, musakhudze. Wotsala kusuntha ndi iyeyo."