Tivi ya Apongozi Inkangolira Ine Ndikachoka

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno kwa Zingalume, kumene ndili pachikamwini. Ndikufuna ndikuuzeni mmene tivi inatsalira pang'ono kundithetsera banja.

Ena mukudziwa kuti ndinaphunzirako zamagetsi ku koleji, mpaka pamene ine ndi kolejiyo tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Ndiye itafa tivi ya apongozi anga aakazi, yopyapyala ija yoyendera sola, maso a mudzi wonse anagwera ine. Ndinaitsegula, ndinapeza tizipangizo totchedwa makapasita titatupa pa bolodi yolandira magetsi, ndinasintha, inayaka. Tsiku limenelo ndinayenda ngati munthu wa digiri.

Mawa lake mkazi wanga Esinati anabwera maso ali tong'o. "Bambo a Tamara, tivi ija ikulira."

"Ndiyo ntchito yake."

"Musaseke. Ikulira kumbuyo, tswiii, ngati mbewa yopanidwa."

Ndinathamanga. Mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini sakhala m'nyumba imodzi ndi apongozi aakazi. Atangomva odi wanga anatola katundu wawo n'kutulukira khomo lakuseri. Ndinalowa, ndinatchera khutu kumbuyo kwa tivi. Zii. Nditangofika kunyumba kwanga, uthenga unanditsatira kuti yayambiranso.

Abale, ndinazizidwa. Ndinawotchereranso mawaya onse, ndinamata koyilo, waya wokulungiza uja, ndi guluu kuti isanjenjemere, ndinaisenza panjinga mpaka ku boma kukaiyesa pa magetsi enieni. Kulikonse inali yaulemu. Ikabwerera kwa eni ake, ine n'kutembenuka, tswiii. Ndinali dokotala wa matenda amene sindinawamvepo ndi khutu langa.

M'mudzi anayamba kunena kuti tivi ikundiopa, ndiye kuti ndaikamo zinthu. Malume ake a Esinati, eni mbumba, anandiitana. Sanakweze mawu. Anangoti, "Mkamwini wotchera mlongo wanga, njira ya kwawo kwa Mlolo akuikumbukira." Esinati anasiya kudya. Ine ndinkadyabe, koma mosasangalala.

Ndinagwada pakati pa mawailesi akufa amene anthu amandipatsa kuti ndikonze n'kunena kuti, Ambuye, sindikupempha nzeru, munandipatsa mwayi umenewo ndinautaya. Ndiloleni ndingolimvako phokosoli.

Masana ena ndinapita kukayesa komaliza. Ndisanamalize odi, kumwamba kunang'ambika. Mvula ya matalala, yoti ngakhale mwambo sungatulukemo. Ndinagwera m'nyumba, apongozi anasowa kothawira. Anangokhala pansi kuyang'ana khoma, chitenje kumutu. Ine ndinayang'ana tivi ndi mtima wanga wonse.

Ndipo ndinalimva. Tswiii!

Ndinatsatira waya ndi maso, kuchoka pa tivi mpaka pa inveta, kabokosi kosintha moto wa batire. Pa kabokosi komweko panali waya wina wopita m'lichero lili pambali pa apongozi. M'licheromo munali mafoni, mafoni, mafoni. Theka la mudzi limatchajitsa kwa iwo. Ndiwo katundu amene ankatola nthawi zonse ine ndikamalowa, poti mafoni a eni sasiyidwa okha. Kainveta kankalemedwa, moto n'kuchepa, bolodi ya tivi n'kumalira njala. Iwo akatuluka ndi lichero, matenda ankatuluka nawo.

Koma ndiwauza bwanji? Ndinakhosomola, n'kulankhula ndi tivi. "Tivi iwe, ukanakhala ndi pakamwa ukanapempha kuti mafoniwo awazuleko pang'ono."

Dzanja linatuluka m'chitenje, linazula. Zii. Linalumikizanso. Tswiii. Linazulanso. Zii.

Apongozi analankhula ndi khoma. "Khoma iwe! Ndiye kuti wotchera uja ndine?"

"Tivi iwe," ndinatero, "uwauze kuti ife sitinanene zimenezo."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Poyamba ndinkayesa akulira.

Mvula itakata anapita okha kwa mlongo wawo. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, koma Esinati anabwera akuvina, kuti sindipita kulikonse. Kuti onse adziwe kuti ndine wapamudzi, malume andipatsa munda waukulu kutsidya kwa dambo, wodzaza zitsa, woti ndilime ndekha.

Ndikuthokoza Mulungu amene amayankha ndi matalala. Iwe amene ukuimbidwa mlandu wa phokoso limene sunalimve, usamange katundu, pirira. Ndipo pamene mukupemphera, abale, mukumbukire msana wanga. Zitsa zija ndaziona.