Manda Atatu, Nyeleti Khumi

Moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Akulu a mpingo, zikomo pondipatsa malo. Ine ndine Naphiri wa kuno ku Sinda, ndipo ambiri mukundidziwa kuyambira ndili namwali. Lero nditchula mawu amene sitiwatchula m'nyumba ya Mulungu. Wochita manyazi aweramitse mutu, koma makutu asatseke.

Ndinakwatiwa ndi aSakala atangobwera kuchokera ku migodi ya ku Wanki. Anabwera ndi njinga, jekete ndi sutikesi yamalata. Anzanga ankati, "Naphiri watola!" Eee, ndinatoladi. Amuna angawo anali ndi kachilonda kumalo obisika, kosawawa. Anati chishalo cha njinga chawanyula. Kanapola kokha, ife n'kuiwala.

Mimba yoyamba inapita padera. Yachiwiri mwana anabadwa atafa kale, khungu likusupuka. Abale anga, mwambo wa mtayo mukuudziwa. Palibe maliro. Amayi okhaokha amakakwirira m'kadzenje kosaya, pobwerako n'kukuuza kuti, "Usalire, ungatseke njira ya ena." Ndinameza misozi. Ndinameza.

Yachitatu ndinavutika masiku awiri. Anamkungwi anandizungulira pamphasa. Wamkulu wawo anandigwira chibwano.

"Ulula, mwana iwe! Mwanayu akukana kutuluka chifukwa cha mwamuna wamseri. Tchula dzina!"

"Amayi, mwamuna wina sindimudziwa."

"Bodza! Ukufuna uphenso ameneyu?"

Ndinaganiza kuti ngati bodza lingatsegule njira, basi ndiname. Ndinatchula bambo wina wogulitsa mchere amene ankadutsa kuchokera ku Vubwi, munthu woti ngakhale moni sitinapatsanepo. Mwana anabadwa. Analira! Anakhala masabata atatu, mphuno ikuchucha, tizikhatho tili matuza okhaokha. Kenako anatsikira kuli chete.

Mpingo unandichotsa pa Mgonero. Inde, mpingo uno. Sindikukuimbani mlandu, munamva zotuluka m'kamwa mwanga. Ndinkakhala uko pafupi ndi khomo, chikho cha Ambuye chikundilambalala. ASakala ankayenda m'mudzi akunena kuti, "Mkazi wangayo ndamukhululukira." Anthu n'kumawatama. Abale, n'kumawatama!

Nditaima kachinayi, mkazi wa aphunzitsi anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anati, "Naphiri, manda atatu akwana. Pita kuchipatala cha mishoni ku Katete akakupime magazi."

Ndinakwera lole ndi mayi anga. Anatenga magazi pamkono, tinadikira masiku. Kenako anandiitana bambo wina wachikulire, wothandiza dokotala. Anatseka chitseko.

"Mayi, muli ndi chindoko."

"Ine? Onani thupi langali, chilonda chili pati?"

"Matendawa amabisala m'magazi. Chilonda chimapola, iwo ali momwemo. Ndi amene akhala akupha ana anu m'mimba. Amuna anu sanakhalepo ndi kachilonda kosawawa?"

Chishalo cha njinga chija! Ndinakhala pansi pasimenti. Zaka zonsezo ndinasenza mtanda wa mwini, mwiniwake akuyenda manja m'thumba.

Anati andilasa nyeleti ya penisilini pathako, tsiku lililonse, masiku khumi. Yoyamba itangolowa masana amenewo, thupi linatentha ngati nkhali ya kachasu. Mano gwegwegwe, mutu ukung'ambika. Mayi anga anayamba kumanga katundu.

"Dzuka, tizipita! Unabwera kuno ukuyenda wekha, ona tsopano. Akupha anthu awa!"

Bambo uja anaima pakhomo. "Agogo, ndi matenda akufa m'kati, n'chifukwa chake thupi labwadamuka. Mawa lizizira. Mukamutenga lero, mukakumbanso dzenje lina."

Mayi anandikoka dzanja. Ine ndinagwira chitsulo cha bedi. Ndinakumbuka mayi uja amene anataya magazi zaka zambiri, anthu akunyansidwa naye, koma anadzipanikiza m'khamu mpaka anakhudza chovala cha Ambuye. Ndinati, "Amayi, pitani nokha. Ine ndifera pompano." Kutacha thupi linazizira. Ndinamaliza zonse khumi, thako litatupa, kukhala kwake kwa chammbali.

Akuchipatala anatumiza mawu kuti aSakala nawonso abwere. Mukudziwa zimene anayankha? "Ine ndili gwa. Ndikavule buluku pamaso pa anthu chifukwa cha mkazi amene anaulula yekha?" Anakwera njinga yawo, n'kukakwatira kwina.

Mwana anabadwa. Wamkazi, khungu see, mphuno youma. Ndinkamutembenuza tizikhatho m'mawa uliwonse kufunafuna matuza. Panalibe. Mwezi unatha, panalibe. Chaka chinatha. Ndi uyo wakhala ndi anzake kutsogoloko, Tiyamike, mano akumwamba akugweluka. Atandipimanso magazi anati matenda agonja. Aleluya! Akulu a mpingo atamva mawu a kuchipatala anandibwezera pa gome la Ambuye. Koma anamkungwi aja mpaka lero timakumana pachitsime. Amandifunsa za mvula.

Chaka chatha abale awo anabwera nawo aSakala pangolo. Mkazi winayo anawakana. Miyendo siimva nthaka, akayenda amaponda ngati woledzera, nzeru zimabwera n'kuchoka. Ndinawatengera ku Katete komweko. Buluku lija anawavula ndine. Anawalasa nyeleti zambiri kuposa zanga. Dokotala anati matenda aima, sapitirira, koma zimene anadya kale sangazibweze. Mankhwala analipo, abale anga. Analipo nthawi yonseyi, ulendo wa tsiku limodzi.

Abambo muli munomu, mkazi akaitanidwa kuchipatala, nyamukani naye. Amayi, mukayamba nyeleti, malizani, ngakhale thupi litenthe bwanji.

Lero ndimalima ndekha, chimanga ndi nsawa. Tiyamike ayamba sukulu. ASakala ndimawasambitsa, ndimawatulutsa padzuwa, ndimawamwetsa phala. Tsiku lina nzeru zitabwerako anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi ana athu ena aja ali kuti?" Ndinawapukuta pakamwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaika nzeru ya mankhwala m'manja mwa anthu. Ndikuthokoza chifukwa cha mwana wamoyo. Koma sindinamanso pamaso panu. Tikamapemphera limodzi, tikafika pa mawu okhululukira amene atilakwira, inu mumapitirira, ine mawu amandithera pakhosi. Manja anga anakhululuka kale. Mtima ukadali m'mbuyo. Mundipempherere, abale, kuti uwapeze. Amen.