Tsitsi la Kunkhongo ndi Ukwati wa Shayla

Mayi Loretta Haugen sadziwa kusunga funso m'kamwa. Lachisanu, pamzere wogulira matikiti a masewero a hoke, anapezeka ali kumbuyo kwa bambo wina wometa bwinobwino kutsogoloku, koma kunkhongo tsitsi likugwera m'mapewa.

"Bambo, wometa wanu anatopera panjira?"

"Ayi mayi, kametedwe kameneka dzina lake ndi maleti. Bambo anga ankasewera hoke ali nayo kalekale, tsitsi likuuluka kunsi kwa chipewa. Kwathu sitimeta timu ikadali mumpikisano, kumeta n'kuiitanira tsoka."

"Akazi anu amati chiyani?"

"Iwo anazolowera. Vuto ndi mwana wanga Shayla, akukwatiwa mawa. Akuti ndikapanda kumeta, amuperekeza kuguwa ndi amalume ake."

"Ndiye anyamatawa akaluza lero, inu mwapulumuka."

"Akaluza, m'mamawa ndikameta."

"Akawina?"

"Goloboyi wa timu yathuyi ndi mchimwene wake wa Shayla yemweyo, mayi. Ndimete, ndimulodze ndekha mwana wanga?"

"Nanga mwabwera kudzachemerera ndani?"

"Funso limenelo ndachoka nalo kunyumba. Ndingogula mpando wa kumbuyo kwenikweni, aliyense asaone pomwe ndiombere m'manja."