Nthungululu pa Siteshoni ya Yunivesite

Ine, Ouarda Merabet, wa zaka 56, wa ku El Khroub, wosoka zovala zaukwati, ndikunena izi pamaso pa apolisi:

Lachinayi lapitali Chahinez, mwana wa achimwene anga, ankaonekera komaliza pamaso pa aphunzitsi ake kuti alandire digiri. Azimayi apabanja tinanyamula mathireyi a makeke n'kukwera sitima yamagetsi ya mumzinda wa Constantine. Tinachedwa chifukwa mayi ake, mlamu wanga Djamila, anabwerera kunyumba kukasintha mpango. Tinatsika pa siteshoni ya yunivesite cha m'ma 11 koloko.

Chahinez anali kale pageti, tsidya lina la njanji, atavala mkanjo wakuda umene ndinamupindira ndekha. Anakweza manja n'kufuula kuti, "Azakhali, mwafika gule atatha! Ndakhoza!"

Djamila anandigunda ndi chigongono. "Mlamu, mukudikiranso chiyani? Kapena pakamwa panupo mumasungira maukwati a eni?"

Ndinaika thireyi pabenchi, ndinayambitsa nthungululu. Kwathu amandidziwa nazo. Anzanga onse analandira. Denga la siteshoniyo ndi lachitsulo, limabweza mawu.

Chahinez anayamba kuthamangira kwa ife, dzanja lina litagwira chipewa kumutu. Ankayang'ana ine. Sitima ina, yobwerera m'tauni, inatulukira cha kumbali kwake. Sitima zimenezi zimayenda mwakachetechete. Ndinaona woyendetsa pagalasi lakutsogolo, kukamwa kuli yasa, dzanja lake likumenya pamalo amodzi mobwerezabwereza. Sitimayo inakaima itapitirira benchi.

Chipewa chija chinagwera pafupi ndi phazi langa. Ndinachitola. Ndinatolanso makeke amene wina anagwetsa, n'kuwabwezera m'thireyi limodzilimodzi.

Mwandifunsa ngati belu la sitima linalira. Bambo ake a Chahinez, achimwene anga a Lakhdar, panalibe tsikulo. Lero andiperekeza mpaka pakhomo lanuli, ndipo anandiuza kuti, "Mlongo, ukanene kuti silinalire. Woyendetsa ameneyo asatuluke m'chitokosi."

Belu sindinalimve. Koma mulembenso kuti pamalopo, nthawi imeneyo, ngakhale mfuti sikanamveka. Dzanja la woyendetsayo ndinaliona, ndipo silinapume. Munthuyo sindikumudziwa, si m'bale wanga.

Maliro a Chahinez anatuluka m'nyumba Lachisanu masana. Mtsikana akamwalira asanakwatiwe, timamutulutsa ndi nthungululu. Azibambo atanyamula chitanda, Djamila anandigwira mkono nati, "Mlamu, mutulutseni mwana wanu." Azimayi onse anatembenukira kwa ine, akudikira kuti ndiyambitse.

Ndinatsegula pakamwa. Sipanatuluke kanthu. Chitanda chinadutsa pakhomo, chinatsika masitepe, ndipo palibe wina amene anayambitsa.

Chipewa chija chili m'chikwama changa muno, ngati mukuchifuna.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa. Andiwerengera, ndipo ndi mawu anga.

Wosaina: Ouarda Merabet ____________________