Fulashi Inandiyalutsa Pamaso pa Apongozi

Achimwene apawailesi, iyi muwerenge ndithu. Ndinapita ku Fingoe kukaikitsa vidiyo ya ukwati wathu mu fulashi. Komputadori itaonetsa kuti yamaliza, mayi woikayo anati, "Musazule bambo, yangovomera pakamwa, mkatimu ikulembabe." Koma nditamva kamyao, lole yopita kwathu ku Malowera, ikulira, ndinangozula n'kuthamanga.

Kumudzi abale anadzaza nyumba. Vidiyo inayenda pang'ono n'kuuma pomwe wojambula anandipeza kuseri kwa tchalitchi, ukwati usanayambe, ndikukukuta mwendo wa mbuzi. Inetu mkamwini wamanyazi, wosadya pamaso pa apongozi! Mkwatibwi sanaoneke n'komwe.

Apongozi anayang'anitsitsa, nafunsa mkazi wanga, "Iwe, amuna akowa anakwatira iwe kapena mbuzi?"

Anzanga, makina akanena kuti amaliza, musawakhulupirire msanga.